PAKHONDE LA MWALIMU: Buku, mpunga wa ku Nkhotakota ndi kaswida ya azakhali



Tsiku lina titaweruka ku madrasa, bambo wina amene ana ake timawaphunzitsa anatipeza pakhonde tikukuta buku latsopano ndi pepala la kalendala yakale. Atatipatsa salamu anati: "Mwalimu, mmene zinthu zadulira muno inu mukugulabe mabuku? Kodi kumeneku sindiko kuononga kumene mumatiletsa kuja?" Tinaseka, koma funsolo linatitsata mpaka kogona. Bamboyo sanalankhule zopanda pake. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, m'makomo ambiri ndalama imatha mwezi usanafike pakati. Tsono lero tati tikambirane tinthu titatu timene timatisangalatsa ife, ndi chifukwa chake tikuona kuti nyumba ya Msilamu isamasowe tinthu totere ngakhale pa nthawi ya mavuto.

Choyamba ndi buku. Amene anagulapo buku ndi ndalama ya thukuta lake akudziwa zimene tikunena. Timatuluka mu mzikiti pa Jumu'ah, panja pali mkeka woyalapo zipewa, matasbihi ndi timabotolo ta mafuta onunkhira, ndipo pakona pake pali timabuku tingapo. Timanyamula kamodzi, kukatsegula, kukanunkhiza, kufunsa mtengo, n'kukabwezera pansi ngati sitikukafuna. Sabata yonse mtima uli pa kabuku kaja. Lachisanu lotsatira tikakapeza kalipobe, timati Alhamdulillah chamumtima, ndipo kukambirana mtengo kumayamba.

Buku loyamba kugula ife linali Arba'in ya Imam Nawawi, amene anamwalira m'chaka cha 1277. Dzina la bukulo limatanthauza makumi anayi, koma mahadisi alimo 42, ndipo n'kabuku kokwana m'thumba la mkanjo. Pa tsamba loyamba tinalembapo dzina lathu ndi tsiku logulira. Lero chiswe chinadyako ngodya imodzi, koma ndi kabuku komweko kamene mwana wathu wachisamba waphunzirira hadisi yake yoyamba.

Tisaiwale kuti makolo athu mwayi umenewu analibe. Sheikh Abdallah Mkwanda anachita kupita mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere, kukafuna maphunziro amene anadzawaphunzitsa kwa Makanjira. Ana a nthawi imeneyo ankalemba pa ubao, kuloweza, kufufuta, n'kulembanso. Ife lero tili ndi Qur'an yotanthauzidwa m'Chichewa ndi Sheikh Khalid Ibrahim, ndiponso ina ya m'Chiyao. Tili ndi mabuku a chilankhulo chathu monga Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe. Wofuna mbiri ya Ayao angafunefune Chiikala cha Wayao, buku la m'chaka cha 1919 lolembedwa ndi Yohanna Abdallah, amene anali wansembe wa mpingo wa Anglican koma anasunga zambiri za mafumu athu. Akuti al-Jahiz, mlembi wa ku Basra wa zaka za m'ma 800, ankachita lendi masitolo a mabuku usiku kuti agonemo akuwerenga. Ife sitikupempha wina aliyense kugona m'sitolo. Tikungoti banja ligule buku limodzi pa miyezi itatu iliyonse. Pa chaka ndi mabuku anayi. Mwana wobadwa lero akamakwanitsa zaka khumi apeza mabuku 40 pa alumali. Ndalama ya mayunitsi imatha sabata yomweyo, pamene buku limadikira ngakhale mdzukulu.

Chachiwiri ndi ulendo ndi zakudya zake. Pa tchuthi chapitachi tinatenga banja lonse kuchoka ku Mangochi kukaona azakhali ku Nkhotakota. Tinadzera ku Golomoti, Chipoka, mpaka ku Salima. Paliponse pamene minibasi yaima, mawindo amadzaza ndi manja: chimanga chootcha, nthochi, mazira owiritsa, mandasi. Pena panabwera anyamata ndi mbewa zopanidwa pa timitengo, ndipo mwana wathu wamng'ono anafuula kuti, "Ababa, timbalame ito!" Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Koma phunziro la halaal ndi haraam limene analandira pamenepo sadzaliiwala, kuposa limene tikadamulembera pa bolodi. Anaphunziranso kuti kanyenya wa m'mbali mwa msewu timayamba tafunsa kuti wazinga ndani, pamene nsomba siifuna funso limeneli.

Ku Salima tinaswali Dhuhr ndi Asr pamodzi, iliyonse rakaa ziwiri, pakuti ulendo wathu unali wopitirira kutali makilomita 80 ndi pang'ono amene mashehe a madhihabu a Shafi'i amawerengera kuti munthu afupikitse swala. Ana anadabwa. Anali atamva za lamuloli m'kalasi, koma tsiku limenelo analiona ndi maso kuti Chisilamu chimam'pepukitsira wapaulendo.

Titawoloka mlatho wa Chia tinagula nsomba zaziwisi, ndipo madzulo azakhali anaziphika ndi mpunga wa komweko. Fungo la mpunga wa ku Nkhotakota limam'peza munthu akadali kuseri kwa mpanda. Mawa lake kunali kondowole ndi usipa. Ana athu, ozolowera nsima ya chimanga, analimbana naye kondowoleyo ngati akukoka khoka, azisuweni awo akuwaseka. Pofika tsiku lachitatu ankapempha kuonjezera.

Mbale ya mpunga ija inatsegula nkhani zambiri. Tinawauza ana za Jumbe Salim bin Abdallah amene anafika kumeneko m'zaka za m'ma 1840, ndi mmene Aswahili anakulitsira ulimi wa mpunga ndi kufalitsa Chisilamu m'deralo. Tinakaona mkuyu umene David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe mu 1863. Sitinawabisire ana kuti pa doko lomwelo pankawolotsedwa akapolo ambirimbiri, tchimo limene palibe Msilamu angaliikire kumbuyo. Mbiri yotere ndi bwino mwana aimve kwa bambo wake ataima pamalo pomwepo, osati adzaimve koyamba kwa munthu womunyoza.

Kulabadira chakudya cha paulendo si chinthu chachilendo kwa Asilamu. Ibn Battuta anachoka ku Tangier mu 1325 kupita ku Hajj, ndipo cha m'ma 1331 anafika ku Mogadishu, Mombasa ndi Kilwa. M'buku la maulendo ake, pakati pa nkhani za mafumu ndi makadhi, anapeza malo ofotokoza mpunga wophika ndi mafuta a ng'ombe ndi nthochi zosapsa zophika mu mkaka zimene anadya ku Mogadishu. Sanaone ngati n'zochepetsa ulemu wa munthu wophunzira.

Chachitatu ndi nyimbo zakale, ndipo pano tiyenda mosamala. Usiku wina magetsi atazima tinakhala pa mkeka panja. Azakhali, amene maso ayamba kuwavuta, anayamba kuimba chapansipansi kaswida yotamanda Mtumiki (SAW), ya m'gulu la zija zinkaimbidwa powerenga Maulidi ya Barzanji iwo ali mtsikana. Chiarabu chake chinali chopindika m'kamwa mwa Chiswahili ndi Chiyao, ndipo ife ophunzira ku koleji tinamva lilime likuyabwa kufuna kukonza katchulidwe. Tinadzigwira. Poyamba ana ankatsinana n'kumaseka. Posakhalitsa anakhala chete, ndipo wamkulu uja anapempha foni kuti ajambule. Ife zinatikumbutsa wailesi ya kaseti imene malume anabwera nayo kuchokera ku Joni, mmene tinkayanikira mabatire padzuwa kuti abwererenso mphamvu, ndi mmene tinkazungulizira kaseti ndi bolopeni ikatafunidwa.

Tikudziwa kuti maulama amasiyana maganizo pa nkhani ya zida zoimbira, ndipo tikudziwa mikangano imene yakhalapo pakati pathu pa nkhani ya sikiri ndi Maulidi. Tsamba lino si bwalo loweruzira zimenezo. Aliyense afunse shehe amene amam'khulupirira. Koma pali zina zimene tonse timazidziwa. Hassan bin Thabit ankalakatula ndakatulo mu mzikiti wa ku Madina. Maswahaba pokumba ngalande ya Khandaq mu 627 ankathirirana mang'ombe kuti ntchito ipepuke. Ndipo mu Sahih Bukhari muli nkhani ya atsikana awiri amene ankaimba m'nyumba ya Mayi Aisha (RA) tsiku la Eid. Abu Bakr (RA) atawadzudzula, Mtumiki (SAW) anamuuza kuti awaleke. Kotero mawu abwino oimbidwa ndi agogo pa mkeka, kapena dufu pa ukwati wa mwana wathu, sizinthu zochita nazo manyazi. Chimene tikuopa ife n'chakuti amayi odziwa kaswida zimenezi akutha mmodzimmodzi, ndipo maliro aliwonse akupita nazo kumanda. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amafuna wina woti anawamva.

Tsono tibwerere kwa bambo uja. Mu Surah Al-A'raf, ndime ya 31 imatiletsa kupyola muyezo pa kudya ndi kumwa. Ambiri timalekera pomwepo. Koma ndime ya 32 imadzudzula anthu amene amaletsa zinthu zabwino zimene Allah anawapatsa akapolo ake. Ndime ziwirizi zinaikidwa moyandikana, ndipo Msilamu ayenera kuyenda pakati pake.

Malire ake ife tikuwaona motere. Ufa, fizi ndi mankhwala zikhale patsogolo. Buku logulidwa ana atagona ndi njala silidalitsika. Chisangalalo chisabwere ndi ngongole, makamaka ya katapila, imene ndi riba. Chisam'chedwetse munthu ku swala. Ndipo chikhale cha banja lonse. Bambo amene amadya chambo yekha ku lesitilanti kunyumba kuli masamba okhaokha, ameneyo ndiye akuononga, ngakhale ndalamayo ikhale yochepa.

Tikunena izi chifukwa timakhala ndi ana anu masana aliwonse. Ambiri mwa iwo kunyumba amangomva mawu amodzi: usatero, n'haraam. Mawuwo ndi oyenera pamalo pake. Koma mwana amene sanaonepo makolo ake akusangalala ndi chinthu cha halaal amakula akuganiza kuti kukoma konse kuli kunja kwa dini. Akatero amakakufuna ku nyumba za kanema za pamsika, pa foni ya mnzake, kapena kugombe usiku kumene asodzi amagawana zimene sitingazitchule pano. Tikam'letsa mwana chinthu, tim'patse china m'manja.

Ulendo suchita kukhala wa ku Nkhotakota. Ngakhale kupita kwa agogo kutsidya kwa mtsinje ndi phukusi la futali ndi ulendo ndithu. Buku likadula, mabanja atatu asonkherane n'kumabwerekana. Ndipo amene muli ndi agogo odziwa kaswida, musadikire Eid ina. Akhazikeni pa mkeka sabata ino.

Za bambo uja, titam'fotokozera zonsezi anapukusa mutu, nati tim'bwereke bukulo aone chimene chatidyera ndalama. Papita miyezi iwiri tsopano. Mwana wake watiuza kuti amaliwerenga akachoka ku Isha, amayi ndi ana atam'zungulira. Bambo, ngati mukuwerenga tsamba lino, musafulumire kubweza. Koma likutireninso, kalendala ija inali yofewa.

Tidzakumananso pakhonde pano miyezi itatu ikubwerayi, Insha Allah. Wassalaamu Alaikum wa Rahmatullah.