Ngolo ya disc golf: phindu lagona pa mawilo ndi ekiselo

Loweruka m'mawa m'mapaki ambiri a ku America mumaoneka anthu akukoka tingolo ta mawilo awiri, ena akukankha ta mawilo atatu, tonse titadzaza timbale ta pulasitiki ta mitundumitundu. Amenewa ndi osewera disc golf, ndipo tingolo tawoti tasanduka malonda akeake. Ena amagula kangolo kopangidwa kale pa madola mazana angapo. Ena amalowa m'garaja n'kudzipangira kawo ndi mapaipi, mabawuti komanso mawilo a njinga ya mwana. Kwa munthu wowerengera ndalama, funso n'lakuti: pa awiriwa wapindula ndani?

Wodzipangira ndiye amapindula, koma pokhapokha ngati wayamba ndi kuyeza katundu wake, waika gawo lalikulu la ndalama pa mawilo ndi ekiselo, ndipo wawerengera nthawi yake ngati ndalama. Amene amayamba ndi penti ndi zomatamata amadzagula kawiri.

Masewerawo ndi katundu wake

Disc golf amaseweredwa ngati gofu, kungoti m'malo mwa kampira ndi ndodo, wosewera amaponya kambale kouluka mpaka kakalowe m'dengu lachitsulo lokhala ndi matcheni. Wopambana ndi amene wamaliza madengu onse, kawirikawiri 9 kapena 18, ataponya maulendo ochepa kuposa anzake. Bwalo loyamba lokhazikika linatsegulidwa mu 1975 ku Oak Grove Park, m'dera la Pasadena ku California, ndipo mu 1976 Ed Headrick anayambitsa bungwe la Professional Disc Golf Association, lomwe limadziwika kuti PDGA. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, anthu ambiri anayamba kusewera chifukwa masewerawa ndi apanja ndipo safuna kuthithikana. Chaka chotsatira katswiri Paul McBeth anasaina mgwirizano wa zaka khumi wa madola 10 miliyoni ndi kampani ya Discraft. Pamene pakuyenda ndalama zotere, msika wa zipangizo nawo umakula.

Ngolo inabwera chifukwa cha msana. Malamulo a PDGA salola kambale kolemera kuposa magalamu 200, ndipo tambiri timalemera pakati pa 165 ndi 175. Wosewera wozama sayenda ndi kamodzi. Amakhala ndi toponyera patali, ta mtunda wapakatikati, ndi tolowetsera m'dengu akafika pafupi. Timbale 20 ta magalamu 175 ndi makilogalamu atatu ndi theka. Powonjezerapo malita awiri a madzi, chikwama, ambulera, mataulo ndi kampando, katunduyo amafika makilogalamu asanu ndi atatu mosavuta. Pa madengu 18 munthu amaponya maulendo oposa 50, ndiye kuti amatula ndi kusenzanso chikwamacho maulendo omwewo. Ofika zaka makumi asanu amaimva bwino nkhani imeneyi.

Mitengo ya m'sitolo

Dzina lodziwika kwambiri pamsikawu ndi ZÜCA, kampani ya ku California imene inayamba ndi zikwama za mawilo za ana asukulu. Ngolo zake zimakokedwa, zili ndi mawilo awiri, ndipo pamwamba pake ndi mpando womwe kampaniyo imati umanyamula munthu wa mapaundi 300, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 136. Rovic ili ndi ngolo ya mawilo atatu yokankha, yopinda, yotengera za gofu wamba. Makampani opanga ndi kugulitsa timbale, monga Dynamic Discs ya ku Emporia m'chigawo cha Kansas ndi MVP, nawonso amagulitsa zawo.

Ngolo zambiri zodziwika zimagulidwa pakati pa madola 150 ndi 400, pomwe kambale kamodzi kamagulidwa madola 10 mpaka 25. Ndiye kuti ngolo imodzi ikhoza kudya ndalama zokwana timbale tonse ta m'chikwama. Mtengowo sumathera pamenepo. Khushoni ya pampando, choikapo ambulera, kathumba ka timbale ta pafupi ndi zotchinga matope nthawi zambiri zimagulitsidwa pazokha. Apa m'pamene wogulitsa amapezerapo kaphindu kabwino, ndipo apa m'pamenenso osewera ambiri amaganizira zodzipangira.

Njira zitatu zodzipangira

Njira yotchipa kuposa zonse ndiyo kugula kangolo koyendetsera mwana komwe wina wagwiritsapo kale ntchito, makamaka kamene makolo amakankha akuthamanga. Tingolo timeneti timapezeka pa Facebook Marketplace, pa Craigslist ndi m'masitolo a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, pamtengo wotsika chifukwa mwana akakula kholo limangofuna malo m'nyumba. Tambiri tili ndi mawilo a mainchesi 16 kumbuyo ndi limodzi la mainchesi 12 kutsogolo, mabuleki ndi chogwirira cholimba. Wopanga amangochotsa nsalu ya mpando n'kumangirirapo kireti kapena chikwama. Ntchito yovuta, yolinganiza mawilo ndi ekiselo, anaigwira kale a kufakitale. Vuto lake n'lakuti munthu wamkulu sangakhalepo.

Njira yachiwiri ndiyo kuyambira pa ngolo ya mawilo awiri yonyamulira makatoni m'masitolo. Chitsulo chake n'cholimba, koma timawilo take ndi tating'ono ndipo tayandikana, choncho pafunika ekiselo yatsopano yaitali ndi mawilo akulu. Njira yachitatu ndiyo kupanga zonse kuyambira pa mapaipi. Imeneyi imapatsa munthu ngolo yogwirizana ndi msinkhu wake, koma ndi imene imawononga ndalama za ambiri.

Pomwe ngolo zambiri zimalephera

Bwalo la disc golf si msewu wa phula. Muli mizu, miyala, zitunda ndi matope. Wilo laling'ono likakumana ndi muzu limaima, lalikulu limakwera. N'chifukwa chake ngolo zabwino zimayambira pa mawilo a mainchesi 12, ndipo mawilo a njinga ya mwana amagwira bwino ntchitoyi. Teyala la mpweya limayenda mofewa koma limaphulika pa minga. Lopanda mpweya silifuna pampu koma limagwedeza katundu. Wosewera m'tchire la minga achita bwino kusankha lopanda mpweya.

Chachiwiri ndi kutalikirana kwa mawilo. Akayandikana, ngolo imagudubuzika ikadutsa m'mbali mwa chitunda. Akatalikirana kwambiri, siidutsa pakati pa mitengo kapena pa timilatho, ndipo siilowa m'buti ya galimoto. Buti ya galimoto iyenera kuyezedwa paipi isanadulidwe, ndipo mawilo akhale otheka kuchotsa popanda sipanala.

Chachitatu ndi pomwe kulemera kwakhala. Zolemera, monga madzi, zikhale pansi komanso pafupi ndi ekiselo. Ekiselo ikakhala kutali ndi katundu, dzanja la wokoka ndi limene limasenza, ndiye kuti vuto langosamuka kuchoka pamsana kupita paphewa. Chogwirira chikafupika, ngolo imamenya chidendene pa phazi lililonse. Kuyesa kwake n'kosavuta: kudzaza katundu weniweni ngolo isanawotchereredwe komaliza, kuipendeketsa monga poikoka, n'kuona ngati zala ziwiri zingaigwire osavutika.

Malo a timbale nawo ali ndi muyeso. Kambale ndi kotambalala masentimita 21 kapena 22, choncho bokosi losiya malo olowetsa zala lifunika masentimita 24 mkati. Kukhuthala kwa kamodzi kumayandikira masentimita awiri, ndiye timbale 20 toimikidwa mondandalika tifuna pafupifupi masentimita 40. Wolakwitsa sentimita imodzi apa amayambiranso bokosi lonse.

Pa nkhani ya zitsulo, aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo wamba cha kukula komweko, ndipo sachita dzimbiri lofiira. Koma kumuwotcherera bwino kumafuna makina apadera a gasi wa argon ndi mmisiri wozolowera. Wopanda zimenezi amange ndi mabawuti kapena marivetsi. Chitsulo wamba n'chotchipa ndipo mmisiri aliyense amachiwotcherera, bola paipi ikhale yopyapyala ndi yopakidwa penti yoteteza dzimbiri. Paipi yokutidwa ndi zinki, monga ya mawaya a magetsi imene ambiri amakonda chifukwa imapindika mosavuta, imatulutsa utsi wodwalitsa ikamawotchereredwa. Paipi ya PVC imakopa chifukwa cha mtengo, koma imawerama ikalemedwa ndipo imathetheka ikakhalitsa padzuwa. Siyoikapo mpando wa munthu wamkulu.

Kuwerengera mtengo weniweni

Ambiri odzipangira amadzitama kuti ngolo yawo yangodya ndalama zochepa, koma amaiwala maola awo. Mongoyerekeza, wina wagula mawilo, ekiselo, mapaipi, mabawuti ndi penti pa madola 80, ndipo ntchito yamutengera maola 15. Malipiro otsikitsitsa amene boma la America limalola ndi madola 7.25 pa ola, choncho maola amenewo ndi pafupifupi madola 109. Ngoloyo yafika madola 189, asanagule chodulira chitsulo, chobowolera kapena paipi ina yolowa m'malo mwa imene anadula molakwika. Pamenepa yafanana kale ndi ngolo yotsika mtengo ya m'sitolo, yomwe imabwera ndi chitsimikizo cha kampani ndipo imagulitsikanso mwini wake akatopa nayo. Yodzipangira kawirikawiri ilibe wogula wachiwiri.

Ogulitsa ngolo za m'sitolo akanena zimenezi sakunama. Koma masamuwo amatembenuka kwa munthu amene zida ali nazo kale, kapena amene wayambira pa kangolo ka mwana kogula motchipa n'kumaliza madzulo amodzi. Amapindulanso pa kukonza. Wilo la njinga, chubu ndi bawuti zimapezeka m'sitolo iliyonse ya zitsulo kapena ya njinga, pomwe chipangizo cha ngolo ya dzina chimayenera kuitanitsidwa. Choncho wopanda zida agule ya m'sitolo kapena asinthe kangolo ka mwana. Kupanga kuyambira pa mapaipi kusiyiridwe amene ali ndi makina ndi luso.

Zowonjezera zibwere pomaliza

Ngolo ikayenda bwino m'pamene zowonjezera zimalowa, ndipo nazonso zili ndi ndondomeko. Choyamba ndi mpando, chifukwa pa mpikisano kudikira kumachuluka. Kenako poika madzi, choikapo ambulera, pokolowekapo taulo lopukutira timbale, ndi kathumba kotseka ka foni ndi makiyi. Chivindikiro chikhale chowala, popeza pulasitiki ikatentha kwambiri imafewa ndipo kambale kopanikizika kamapindika. Bokosi likhale ndi tizibowo pansi potulukira madzi a mvula. Chilichonse chowonjezera chimangidwe ndi bawuti kuti chichotsedwe chikapezeka chosafunika. Ngolo yodzaza masipika, magetsi ndi furiji ya zakumwa imasangalatsa poimika magalimoto, koma pa chitunda cha dengu la 14 mwini wake amaitukwana. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Phunziro kwa amisiri akuno

Disc golf sanafike pokhala msika ku Malawi, ndipo wowotcherera wa ku Ndirande kapena ku Mchesi amene angapange tingoloti kuti agulitse angomangirira mpamba wake. Chotengapo chili pa kapangidwe ndi kaikidwe ka mtengo. Wogulitsa zakumwa zozizira, wotunga madzi m'zigubu ndi wonyamula makireti a tomato onse ali ndi katundu wodziwika muyeso wake komanso njira yoipa, monga wosewera uja. Mmisiri amene amayeza kaye chigubu kapena kireti, nafunsa njira imene ngolo izidutsa, amapanga chinthu chosabwerera kudzawotchereredwanso mwezi usanathe. Akagwiritsa ntchito mawilo a njinga, kasitomala amapeza wokonza pa msika uliwonse.

Pa mtengo, njira ya makampani aja ndi yoyenera kutengera. Ngolo yokhayokha ikhale ndi mtengo wake womveka, wowerengera zitsulo, ndodo zowotcherera, magetsi, penti ndi maola a ntchito. Mpando, choikapo ambulera ndi bokosi lokhoma zikhale ndi mitengo yawo payokha. Kasitomala wa ndalama zochepa atenga ngolo lero, ndipo malonda akamuyendera abweranso kudzawonjezera zinazo kwa mmisiri yemweyo.