Tisamatamande Wokolola N'kuiwala Wolima

Masiku ano mayina a Elon Musk, Jeff Bezos ndi Mark Zuckerberg amatchulidwa mwaulemu ngati kuti anthuwa anatulutsa dziko mumdima ndi manja awo okha. Ana athu amaonera mbiri zawo pa mafoni, ndipo phunziro limene akutolapo ndi lakuti luso lonse limabadwira m'mutu mwa munthu mmodzi wanzeru zapadera, pomwe boma limangodziwa kudya misonkho ndi kuchedwetsa zinthu. Ife tikuti chiphunzitso chimenechi ndi chabodza, ndipo chikazika mizu m'mitima ya ana, chidzatipweteka tonse.

Umboni uli m'thumba mwanu momwemo. Intaneti sinayambire m'galaja ya mnyamata wina wochenjera. Kholo lake ndi ARPANET, ntchito imene nthambi ya zachitetezo ya boma la America inalipira, ndipo uthenga woyamba unatumizidwa mu 1969 kuchokera ku yunivesite ya California ku Los Angeles. Njira yotsegulira masamba a pa intaneti anaikonza ndi Tim Berners-Lee mu 1989 ali pa ntchito ku CERN, malo a kafukufuku amene mayiko a ku Ulaya amasonkherana. Mu 1993 CERN inapereka lusoli kwa aliyense kwaulere. Chikhala kuti inaikapo mtengo, Amazon ndi Facebook zikanamera pa nthaka iti? GPS, imene imalondolera dalaivala ndi woyendetsa sitima, ndi ya asilikali a America, ndipo mpaka lero amailipira ndi okhoma msonkho. Ngakhale kafukufuku amene anabala Google pa yunivesite ya Stanford anathandizidwa ndi ndalama za boma kudzera ku National Science Foundation.

Nanga Musk, amene amakonda kunyoza boma? Mu 2008 kampani yake ya SpaceX inali itatsala madzi amodzi, itaphonya katatu kukweza roketi. Mu Disembala chaka chomwecho NASA inaipatsa kontrakiti ya madola 1.6 biliyoni. Mu 2010 Tesla inalandira ngongole ya madola 465 miliyoni kuchokera ku nthambi ya boma yoona za mphamvu. Munthu amene anaolotsedwa ndi bwato la mudzi, akafika kutsidya sayenera kuuza anthu kuti anasambira yekha.

Nkhaniyi si ya ku America kokha. Kutumiza ndalama pa foni, kumene lero kukupulumutsa mabanja athu kudzera ku Mpamba ndi Airtel Money, kunatchuka ndi M-Pesa ya ku Kenya mu 2007, ndipo kuyesa kwake koyamba kunathandizidwa ndi ndalama za boma la Britain. Tikabwerera kale kwambiri, al-Khwarizmi, amene dzina lake linabala liwu lakuti algorithm, ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800 mothandizidwa ndi khalifa al-Ma'mun. Masamu amene makompyuta onse amayendera anaphuka pamene wolamulira anavomera kudyetsa akatswiri osawafunsa phindu la mawa.

Ena adzati: boma linangoyamba, koma amene anafikitsa zinthuzi m'manja mwa anthu ndi amalonda. Zimenezi n'zoona, ndipo sitikukana. Steve Jobs anasonkhanitsa maluso omwazikana n'kupanga iPhone mu 2007, ndipo imeneyo ndi ntchito yeniyeni. Adzatinso boma limataya ndalama, n'kutchula Solyndra, kampani ya magetsi a dzuwa imene inagwa mu 2011 boma litaikira kumbuyo ngongole yake ya madola 535 miliyoni. Nazonso n'zoona. Koma chitsanzo chimenechi chikutsimikizira mfundo yathu. Kafukufuku wozama amatenga zaka makumi awiri kapena atatu, ndipo nthawi zambiri sabala kanthu. Wamalonda sangadikire choncho, chifukwa eni masheya amafuna phindu chaka chomwecho. Amene amasenza zolephera ndi anthu wamba kudzera m'misonkho. Chodabwitsa n'chakuti Solyndra ikagwa, mlandu ndi wa boma, koma Tesla ikaphuka ndi ndalama za ku thumba lomwelo, ulemu ndi wa munthu mmodzi. Chilungamo chotere tinachionapo kuti?

Ndiye pali nkhani ya kubweza. Mu 2021 atolankhani a ProPublica anaulula kuti Bezos sanalipire msonkho wa boma lalikulu pa zopeza zake mu 2007 ndi 2011, ndipo Musk naye sanalipire mu 2018. Mu 2024 khoti lalikulu la European Union linalamula kuti Apple ilipire dziko la Ireland misonkho yotsalira yokwana mayuro 13 biliyoni. Amene anatunga madzi ochuluka pa chitsime ndi amenenso akuzemba tsiku lochikonza.

Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa bwino kuti khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi. Mwini zida amatenga gawo lake, ndipo palibe amamuletsa, koma akayamba kudzitama kuti nsomba anagwira yekha, mawa amasowa omukokera. Paja mutu umodzi susenza denga.

Chimene tikuopa ndi ichi: mtundu umene wakhulupirira kuti chitukuko chimabwera ndi wolemera mmodzi umasiya kufunsa boma lake za sukulu, za malabotale ndi za malipiro a ofufuza. Umakhala chete pamene malo ngati Chitedze, kumene amafufuza za mbewu zathu, akusowa ndalama, n'kumadikira mpulumutsi wochokera ku California. Mpulumutsi wotero sitinamusankhe, sitingamuchotse, ndipo akasintha maganizo palibe kokadandaula.

Choncho tiphunzitse ana athu nkhani yonse. Mwana akasirira Musk, tisamuletse, koma timuuzenso za Berners-Lee, amene anapereka luso lake kwaulere. Aphungu athu akabwera kudzapempha mavoti, tiwafunse kuti ndi ndalama zingati zimene anaikira kafukufuku ndi maphunziro a sayansi. Wamalonda alandire phindu lake, alipire msonkho wake, ndipo asiye kudzitcha mwini munda umene analima ndi ambiri.