Magetsi a m'khosi sangagwire ntchito popanda mafizo

Munthu akathyoka khosi pangozi, dokotala wa opaleshoni amachotsa chimene chikufinya mtsempha waukulu wa mumsana ndi kumanga mafupa ndi zitsulo. Koma kulumikiza mtsempha umene waduka, mpeni sungathe. Ndiye chifukwa chake ambiri amatuluka m'chipatala manja ndi miyendo zili zii.

Tsopano azungu abwera ndi nzeru ina. Kawirikawiri mtsemphawo suduka wonse ayi. Pamatsala timinyewa tina tonyamula uthenga wochokera ku ubongo, koma uthengawo umafika ngati manong'onong'o. Magetsi ochepa kwambiri akadutsitsidwa pamsana amadzutsa mitsempha ya m'munsi mwa bala, ndipo manong'onong'o aja amayamba kumveka.

Izi si nthano. Mu 2018 ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, a Grégoire Courtine ndi a Jocelyne Bloch anaika kachipangizo kotere m'misana ya amuna atatu ndipo anayambanso kuponya phazi. Mu 2024 kunatuluka zotsatira za makina otchedwa ARC-EX, amene safuna kung'amba munthu: amangomata timawaya pakhungu kumbuyo kwa khosi. Mwa anthu 60 ovulala khosi amene anayesedwa, 72 pa 100 alionse anapezako mphamvu m'manja. Mu December chaka chomwecho bungwe la FDA ku America linaloleza makinawa.

Koma a Malawi anzanga, tisathamangire kuomba m'manja. Anthu 60 aja anayamba achita mafizo okhaokha miyezi iwiri, kenaka miyezi ina iwiri mafizo pamodzi ndi magetsi. Magetsi amangotsegula chitseko. Wolowa ndi wodwalayo, tsiku ndi tsiku, wamafizo ali pambali. Ndipo palibe amene anachira kotheratu. Chimene anapata ndi kugwira supuni, kumanga batani la malaya, kudzidyetsa yekha. Kwa munthu wogonera kumodzi, umenewo ndi ufulu weniweni.

Ine funso langa ndi ili: mnyamata wa kabaza akagwa pamsewu wa M1 nathyoka khosi, akatuluka ku Queens kapena ku LION ku Lilongwe, amuphunzitse ndani kugwiranso supuni? Kachere wa ku Blantyre yekha angatilandire tonse? Inu amene munakhalako ku Harare ndi ku London munaona kuti kumeneko opaleshoni ndi chiyambi chabe cha chithandizo. Kuno timapatsa mbale wathu ndodo ndi kumuuza kuti akapemphere.

Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Aphungu athu tiwafunse lonjezolo lili pati. Ndisanamve nduna ikulonjeza makina a ku Ulaya pamsonkhano, ndikufuna ndione wamafizo wolembedwa ntchito pa chipatala chilichonse cha boma. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo.