Liwonde Ikadzakhala Mzinda, Namzeze Adzagona Kuti?

Boma linaika Liwonde pa mndandanda wa matauni asanu ndi atatu amene likufuna kuwakweza kukhala mizinda, potsatira masomphenya a Malawi 2063. Munthu wa ku Machinga kapena ku Balaka sangadane ndi nkhani yoteroyo, chifukwa tonse tikufuna ntchito, misewu yabwino ndi malonda oyenda. Koma amene akujambula mapu a mzindawo atiuze: bango la m'mbali mwa Shire alilemba kuti chiyani? Alilemba ngati malo osungidwa, kapena aliwerengera kale kuti ndi mapuloti amene sanapeze mwini?

Tikufunsa za bango chifukwa muli alendo. Mukaima pa Kamuzu Barrage madzulo a m'dzinja mudzaona anamzeze atandandalika pa mawaya a magetsi, ena akuuluka chapansipansi pamwamba pa madzi kuwakha tizilombo. Ena mwa iwo ndi akonkuno, amene amamata zisa zadothi kunsi kwa milatho. Koma ambiri amene amadzaza mlengalenga mvula ikayamba amachokera ku Ulaya ndi ku Asia. Kambalame kolemera pafupifupi magalamu 20 kamadutsa nyanja ndi chipululu cha Sahara kuthawa chisanu, ndipo kukada kamafuna bango loti kagonemo limodzi ndi anzake. Bangolo tikalitentha, tikalikwirira ndi zinyalala za kumsika, tikadzalapo loji mpaka m'madzi, kapita kuti?

Wina anganene kuti mbalame zili ndi kwawo kupaki. Zoonadi, Liwonde National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1973, yasintha kwambiri chiyambire 2015 pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa pamodzi ndi boma. Miimba imene inasowa inabwerera nyama zolusa zitabwezeretsedwa. Koma mpanda wamagetsi wozungulira pakiyo amauopa ndi njovu. Mbalame imadya m'paki m'mawa, masana ili m'munda wa mpunga, madzulo ili kuseri kwa msika wa Liwonde kapena kutsidya, m'boma la Balaka. Nanga kunja kwa mpandako, kumene kulibe asilikali a paki, woiyang'anira ndani?

Yankho lina lilipo kale, ndipo silinachokere kwa ophunzira. Linachokera kwa alenje.

Nyanja ya Chilwa, imene Machinga amagawana ndi Zomba ndi Phalombe, inali malo oyamba m'Malawi kulowa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 UNESCO nayo inaizindikira. Mu njedza ndi m'mabango ake mumakhala zipweyo, atsekwe, anadititi, akakowa ndi mbalame zina zobwera ndi nyengo. Kwa anthu a kumeneko mbalamezi ndi ndiwo, ndi ndalama ya sopo ndi ya kope la mwana. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imaphwa: inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'aluka. Matemba akasowa, msodzi amasanduka wotchera misampha. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa kumeneko chaka chilichonse.

Alenjewo anaona okha kuti akutha mbewu. Mu 2001, mothandizidwa ndi nthambi ya ku Zomba ya bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, anapanga mgwirizano wawo wotchedwa Mwayi wa Mbalame. Anapanga makalabu m'midzi, anapatula malo oswanirana mbalame kumene munthu saloledwa kutchera, anagwirizana za nyengo yoleka kusaka, ndipo wophwanya ankamutengera kwa mfumu. Sitikunena kuti zonse zinayenda myaa. Njala ikavuta malamulo amafooka, ndipo thandizo la kunja likatha misonkhano imachepa. Komabe taganizani: munthu amene mphika wake umadalira chipweyo anavomera kuleka dzanja miyezi ina kuti mbalame ziswane. Ife a m'tauni, amene ndiwo timagula pamsika, tavomera kuleka chiyani?

Tikanafuna, zoleka zilipo. Mnyamata wa legeni m'khosi amene amagenda chilichonse chouluka, wamkulu ndani anamuitanapo n'kumuuza kuti, “Mwanawe, iyo ndi mlendo, yachokera kutali”? Mtengo waukulu wa pasukulu kapena pamzikiti umene akakowa amagonamo, n'chifukwa chiyani zitosi zikatitopetsa chida choyamba chimakhala nkhwangwa? Matumba a makala amene amaima ndondondo m'mbali mwa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde, ochokera m'mapiri a Machinga, amagula ndani ngati si ife? Phiri likakhala dazi, mvula imakokolola dothi kukakwirira Chilwa ndi Shire, ndipo dambo limene mbalame inalidziwa chaka chatha imalipeza lili mchenga. Majumbo opyapyala aja analetsedwa mu 2015, khothi lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma pitani mukaone ngalande za ku Balaka mvula yoyamba ikagwa. Onsewo amathera kuti, ngati si mu Rivirivi ndi mu Shire?

Chowawa kwambiri ndi chiphe. Kuthira mankhwala m'chithaphwi kapena kuviika mpunga m'mankhwala kuti mbalame zigwe mulu si ulenje. Ofufuza anapeza kuti ngakhale m'paki ya Liwonde momwemo, tizinkhwe tating'ono tobiriwira tofiira kumaso, timene azungu amati Lilian's lovebird, tinkafa pa zithaphwi zothiridwa chiphe ndi anthu ofuna nyama. Chiphe sichisankha. Mbalame yakufa nacho ikaotchedwa n'kuikidwa pa kamtengo, wogula pa siteji amadziwa chimene akudyetsa mwana wake? Ku Balaka, dera la thonje, mankhwala opopera ali paliponse. Botolo likatha timalitsukira kuti, ndipo amamwa madziwo ndani?

Mwina wina akuti za mbalame n'zosangalatsa azungu a makamera. Ameneyo akafunse mlimi. Zigwa za Chilwa ndi Chiuta zimadziwika m'chigawo chino cha Africa ngati malo amene dzombe lofiira limaswanirana. Adokowe oyera ochokera ku Ulaya, ndi anzawo akuda ang'onoang'ono amene amafika ndi mvula kuchokera kumpoto kwa Africa kuno, amatsata dzombe, ziwala ndi ntchemberezandonda. Amaphunzira msanga kumene kwagwa mbozi, n'kutera m'munda gulu lonse, kuyenda m'mizere akujompha. Mlimi sawalipira ngakhale tambala. Ndi nzeru yanji kupha waganyu wotere, kenako n'kukakongola ndalama ya mankhwala?

Boma lilinso ndi mafunso ake oti liyankhe. Mu 2019 Malawi analowa m'pangano la AEWA, loteteza mbalame za m'madzi zoyenda pakati pa Africa, Ulaya ndi Asia. Lamulo la nyama zakuthengo linakhwimitsidwa mu 2017. Kodi khansala wa ku Ntaja, ku Nsanama kapena ku Ulongwe anauzidwapo kuti panganolo likumukhudza? Wogawa malo ku khonsolo akalandira pempho lomanga m'dambo, pali pepala lililonse patebulo pake lomukumbutsa kuti madzi a chigumula amafuna pokhala? Namondwe Freddy mu 2023 anationetsa kuti madzi saiwala njira yawo. Dambo limene timasiyira mbalame ndi lomwelo limene limamwa madzi amene akanalowa m'nyumba zathu.

Koma khonsolo simva ngati palibe wogogoda, ndipo apa ndi pamene pakutipweteka mtima. Ntchito yodzipereka tinaiphunzitsa kufunsa alawansi isanavale nsapato. Kodi kuwerenga mbalame pa mlatho Loweruka limodzi pamwezi, n'kulemba m'kope mitundu imene yafika ndi tsiku lake, kumafuna thandizo lochokera kunja? Makalabu a zachilengedwe ali m'masukulu ambiri. Mphunzitsi mmodzi ndi ana khumi atachita zimenezi zaka zitatu, angakhale ndi umboni woti aike pamaso pa bwanamkubwa tsiku limene wina adzafuna kukwirira bangolo. Oyendetsa maboti a alendo pa Shire amadziwa mbalame iliyonse ndi kulira kwake. Anapemphedwapo kukalankhula pasukulu? Abusa ndi mashehe, amene timawamvera Lachisanu ndi Lamulungu, analalikirapo za chithaphwi chothiridwa chiphe? Amayi a m'mabanki a m'mudzi, achinyamata a kabaza, makomiti a misika, onsewa amatha kusonkhana pa zawo. Kuyeretsa ngalande imodzi yopita ku Shire kungawakanike?

Tsiku lokumbukira mbalame zoyendayenda padziko lonse limachitika kawiri pachaka, Loweruka lachiwiri la Meyi ndi la Okutobala, ndipo mu 2025 mutu wake unali wa mizinda yokhalamo anthu ndi mbalame pamodzi. La Okutobala limagwa pamene alendo athu ayamba kufika. Aphunzitsi a ntchito yoteteza mbalameyi sitisowa kukawafuna ku Lilongwe: alipo ku Chilwa, alenje amene anapatula malo oswanirana ndi manja awo. Ndi khonsolo iti, ya Machinga kapena ya Balaka, imene iyambe kuwatumizira galimoto kuti adzaphunzitse a m'tauni?