Nzeru sizinasowe kwa Nyachikadza

Bwana aliyense wochokera kumsonkhano wa kunyanja masiku ano akubwera ndi nyimbo imodzi: AI. Akuti makina oposa munthu nzeru ali m'njira, ndipo akangofika, njala, malungo ndi madzi osefukira zidzatha ngati makatani. Ena, alawansi ili m'thumba, akuti ngakhale za kwa Nyachikadza tingozisiyira kompyuta. Koma abale!

Kunjaku afikadi patali, sitikukana. Mu 2010 gulu la Craig Venter ku America linapanga DNA mu labotale n'kuiika m'bakiteriya, kachilomboko n'kuyamba kuswana. Mu 2016 anapanga kena ka majini 473 okha, koma pa majiniwo, 149 eni akewo sankadziwa ntchito yake. Mwamva? Wolenga wosadziwa chimene walenga. Ku AI nakonso, Geoffrey Hinton, mmodzi mwa makolo ake, anasiya ntchito mu 2023 kuti achenjeze dziko momasuka. Eni ng'oma akuchita mantha, koma bwana wathu, amene imelo amachita kumutsegulira mlembi, ndiye akuvina kutsogolo.

Ndifunse: kwa Nyachikadza kunasowa nzeru liti? Nkhalamba ya kumeneko imangoyang'ana Shire n'kudziwa kuti mawa madzi alowa m'nyumba. Inadziwa mu 2015, inadziwa pa namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Chimene inasowa ndi boti la injini, chipatala chapafupi ndi malo ouma okhala ndi munda. Mayi wodwala pakati amawoloka pa bwato, ng'ona zili pomwepo. Pamenepa pakufunika makina oposa munthu nzeru?

Ndipo makinawo akadzabwera adzanena chiyani? Adzati anthu asamukire kumtunda. Zikomo kwambiri, a Kompyuta, zimenezo maofesi akhala akunena kwa zaka zambiri, uku akumana anthuwo chitukuko ati chifukwa ndi osamva. Osamva? Munthu asiye dimba la m'dambo la Ndindi, lobereka chimanga ndi mbatata ngakhale m'chilimwe, asiye nsomba, akakhale pamiyala podikira thumba la ufa? Amene akukana kusamukayo wawerengera bwino kuposa inu.

Nzeru zilipo, mabwana, zakhala zilipo. Ndalama ya msonkhano umodzi wa kunyanja, mafuta a galimoto zanu ndi ma alawansi, ingagule maboti angati? Funsani AI yanuyo, masamu amenewo imawatha.