Digiri ya pa intaneti kwa munthu wapantchito ku Mbulumbuzi

Mbulumbuzi yazunguliridwa ndi sukulu zaukachenjede. Mukakwera minibasi yolowera ku Zomba, mukafika ku University of Malawi. Yolowera ku Limbe ikuyandikizani ku MUBAS, ndipo m'boma lomwe lino la Chiradzulu, ku Nguludi, Catholic University yakhala ikuphunzitsa kuyambira 2006. Koma mphunzitsi wa pulayimale amene ana akumudikira Lolemba mpaka Lachisanu sangatule choko pansi kwa zaka zinayi. Malipiro ake ndi amene amagula feteleza, kulipira fizi ya mng'ono wake ndi kutengera mayi ake kuchipatala. N'chifukwa chake ambiri akuyang'ana ku maphunziro a pa intaneti.

Kuphunzira uli kwanu sikwachilendo kuno. Malawi Correspondence College idayamba mu 1965, maphunziro akuyenda pa positi ndi pa wailesi, ndipo sukulu zambiri za CDSS zomwe tikuziona lero zidali malo ophunzirirako a koleji yomweyi, yomwe idadzatchedwa MCDE, mpaka 1998. Chasintha n'chakuti envulopu ija yalowedwa m'malo ndi foni. Mzuzu University ili ndi maphunziro akutali okhala ndi nthambi ku Mulanje ndi ku Balaka, pomwe Unicaf ya ku Lilongwe imaphunzitsa pa intaneti.

Ubwino wake ndi waukulu ndithu. Malipiro saima, banja silisamuka, palibe lendi ya m'tauni. Chimene chimandikopa kwambiri ine n'chakuti zomwe munthu wawerenga usiku amakaziyesa m'mawa. Mphunzitsi akaphunzira njira yatsopano yothandizira mwana wovutika kuwerenga, mwanayo amamupeza m'kalasi tsiku lotsatira, atakhala pansi pafupi ndi bolodi. Wophunzira wongochokera ku Fomu 4 alibe mwayi umenewo.

Komabe usiku umenewo ndi wofunika kuuona bwino. Munthu waweruka, wachonga makope, wadya nsima, ndiye n'kutsegula foni cha m'ma 9 koloko. Tsamba lomwe lidakonzedwera kompyuta akuliwerenga pa kagalasi kochepa ngati chikhatho, akulikulitsa ndi zala ziwiri. Magetsi akathima, batire ndi limene limalamula kuti kalasi itha nthawi yanji. Amene adaphunzira m'chaka cha 2022 akukumbukira mdima umene udatsatira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira. Bandulo nayo imatha vidiyo ili pakati. Ndipo ngati munthuyo ndi mayi, nthawi ya 9 koloko ija imafika mbale zisanatsukidwe, mwana ali kumsana. Apa ndi pamene ambiri amatopera, osati chifukwa nzeru zachepa ayi.

Pa ndalama pali msampha wina. Sukulu yakunja imene imawerengera fizi m'madola siyang'ana kuti wophunzira amalandira makwacha. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fizi yotere idakwera tsiku limodzi, malipiro ali pomwepo.

Palinso za pepala lenilenilo. Bungwe la NCHE, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndi limene limavomereza sukulu zaukachenjede ndi maphunziro ake, komanso kuunika madigiri ochokera kunja. Sukulu ikhoza kukhala ndi zithunzi zokongola pa Facebook, anthu atavala mikanjo, koma pulogalamu yomwe mwalembetsayo isadavomerezedwe. Ngakhale digiri yovomerezeka sikweza munthu pantchito payokha. M'boma amadikirabe kuti mpata upezeke, akayesedwe mafunso. Ndipo maphunziro ena, monga aunamwino, safikapo popanda kugwira wodwala ndi manja.

Ndikaika zonsezi pa sikelo, ndimaona kuti njirayi ndi yabwino kwa munthu amene akufuna digiri ya ntchito yomwe akuigwira kale, ndipo wakambirana ndi a kunyumba kwake za amene aziphika ndi kulera ana m'nyengo ya mayeso. Ndimakondera kwambiri maphunziro osakaniza, aja akuti munthu amawerenga ali kwawo koma pa holide amapita kukakumana ndi aphunzitsi ndi anzake maso ndi maso. Kuwerenga wekha zaka zinayi kumafoola, ndipo anzako a m'kalasi ndi amene amakuimbira foni ukasowa pagulu la WhatsApp sabata ziwiri.

Mng'ono wanga atandifunsa lero, ndingamuuze kuti asanatumize ndalama iliyonse pa Mpamba kapena Airtel Money, ayambe wafufuza dzina la pulogalamuyo pa mndandanda wa NCHE, afunse kumene mayeso amalembera, kenako awerengere mtengo wa minibasi yopita kumeneko pamodzi ndi fizi.