Chuku Chimayambira M'nthaka

Alimi anzathu a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, mtedza wathu ukakanidwa pamsika chifukwa cha chuku, tisamaloze nkhokwe yokha. Chuku chimakhala m'nthaka, ndipo chimalowa m'makoko mvula ikadula mtedza usanakhwime. Tikadya mtedza wotere timawononga chiwindi, ife ndi ana athu omwe.

Choncho tibzale ndi mvula yoyamba, titseke mizere kuti isunge chinyezi, ndipo tichite kasinthasintha wa mbewu. Tikumbe ukangokhwima, tiumitse bwino, tileke kuunyowetsa pouswa.

Komabe udindowu si wathu tokha. Chitedze ili pakhomo pathu pomwepa. Boma litumize alangizi okwanira kuti nzeru za kumeneko zifike m'midzi. Ogula nawonso asiyanitse mitengo. Ngati mtedza wabwino ugulidwa mofanana ndi wachuku, adzavutikirenji mlimi?